Mutu 6: Nkhunda Zovala Masokosi

1. Lachisanu lopanda girizi

Macdonald anali mnyamata wa Folomu 3, wamtali, wa miyendo yoonda ngati kakowa. Masamu ankamuvuta, Chingerezi chinkamuthawa, koma injini ikalira ankatembenuka ngati wina wamuitana dzina. Anzake akathamangira kumpira, iye ankalunjika kwa a Abbas, amakanika odziwika ku Lifuwu konse.

A Abbas anali ndi thirakitala yamanja, ija ya mawilo awiri imene munthu amaitsata pambuyo polima m'matope a mu sikimu ya mpunga. Macdonald anayamba n'kuitsuka matope. Kenaka anamulola kupereka masipanala, kenaka kuthira dizilo. Tsiku lina a Abbas anamupatsa kiyi wa shedi yosungiramo makina, womangirira pachingwe.

"Ukapitiriza chonchi, nyengo yolima ikubwerayi udzaigwira wekha, Insha Allah," anatero. "Koma kiyiyu si mkanda ayi. Ndakupatsa pakhomo panga."

Mnyamatayo anavala kiyiyo m'khosi, ndipo ngakhale posamba sankamuvula. Mayi ake, a Molly, amene anali telala pamsika, atamva nkhaniyo anagula nsalu yabuluu n'kuyamba kumusokera ovolosi yoti adzavale tsiku loyamba kulima.

Pafoni yake yosweka galasi, Macdonald anali m'gulu la pa WhatsApp lotchedwa Gulu la Giya. Munali madalaivala a mathirakitala, amakanika ndi alimi okonda makina ochokera ku Lifuwu, ku Chitala mpaka paboma pa Salima. Sabata yonse nkhani inali ya mapulawo, malamba a injini ndi oilo. Koma mkulu wa gululo, amene onse ankangomudziwa ndi dzina loti Giya Wamkulu, anaika lamulo lakuti Lachisanu lililonse likhale lopanda girizi. Tsikulo palibe wotchula makina. Aliyense ankaonetsa chimene amachita akasamba m'manja.

Pamenepo m'pamene gululo linkakoma. Pitala ankatumiza zithunzi za ming'oma yake ya njuchi, diso lili lotupa. Jamila, mayi woyendetsa thirakitala yaikulu kuesiteti, ankadzala maluwa m'matayala akutha. Alex anali ndi gitala yopanga yekha ya chigubu cha oilo, ndipo ankaimba moipa kwambiri moti anthu ankamupempha kuti abwereze.

Macdonald yekha sankatumiza kanthu. Si kuti analibe chochita. Kunyumba ankapanga timathirakitala ta waya, ta mawilo a zitsekerero za mabotolo, tokhala ndi pulawo yokwera ndi kutsika. Koma ankationa ngati zidole za ana, ndipo ankatibisa kunsi kwa bedi.

Lachisanu lina m'mawa, sukulu ili pa holide, Alex anamutola.

"Nanga kamwana ka a Abbas kali kuti? Iwe Mac, moyo wako wonse ndi kutsuka matope basi?"

"Musiyeni, akadali kuyamwa sipanala," anayankha Pitala.

Nkhope zoseka zinadzaza foni. Anthuwo sankanyoza, kunali kucheza chabe, koma Macdonald zinamulowa mumtima. Anachita manyazi mpaka makutu kutentha.

"Dikirani masana ano," analemba. "Muona."

Polemba mawuwo n'kuti iye mwini asakudziwa chimene anthuwo adzaone.

2. Kachitseko koletsedwa

Kuseri kwa shedi ya a Abbas, moyang'anana ndi khonde, kunali khola latsopano la nkhunda, lokwezedwa pamitengo inayi. Munali nkhunda ziwiri zokha, yaimuna ndi yaikazi. Zinali zoyera mbee, zokhala ndi nthenga mpaka kuzala, ngati zavala masokosi. Ku Lifuwu konse kunalibe zotero.

Nkhundazo zinali za mayi Habiba, akazi a a Abbas. Chaka chathachi mayiwa anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, lilime linalemera, moti mawu ankatuluka odukaduka, osamveka. Mayi amene kale ankadzutsa mudzi ndi kuseka tsopano ankangokhala pampando pakhonde, maso ali pansi. Mnzawo wina wa a Abbas wa kumtunda, podziwa kuti mayiwa anakulira pakhomo pa nkhunda, anawatumizira ziwirizi. Kuyambira pamenepo mayi Habiba anayambanso kudzutsa mutu. M'mawa uliwonse ankawatengera pafupi ndi khola kuti amwaze okha misere ya mpunga ndi dzanja lamanzere.

Tsiku limene nkhundazo zinafika, a Abbas anamukhazika pansi Macdonald.

"Tamvera, mwana wanga. Nkhunda si nkhuku. Nkhuku ukaigula lero n'kuimwazira chimanga, mawa yaiwala kwawo. Nkhunda imasunga kwawo m'mutu. Ukaitsegulira isanazolowere, imakwera m'mwamba, kuzungulira kamodzi kawiri, basi yalunjika kumene inachokera. Ena amazizula nthenga za m'mapiko kuti zisauluke, koma mayi akowa anapukusa mutu, sakufuna kuti zimve kuwawa. Ndiye tidikira mpaka ziikire mazira. Nkhunda ikaikira pakhomo siichokanso. Shedi tsegula, makina gwira, koma kachitseko aka usakakhudze. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Lachisanu lija dzuwa litafika pamutu, a Abbas anasamba, anavala mkanjo woyera n'kupita kumzikiti ku swala ya Ijuma. Mwana wawo Karima anali atapita kuchigayo. Pakhomo panatsala anthu awiri: Macdonald m'shedi, mayi Habiba pakhonde.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Alex.

"Masana ako aja ndi ano, Mac. Kapena wotchi yako ilibe batire?"

Macdonald anatuluka m'shedi. Maso ake anagwera pakhola. A Abbas anali ndi kafoni kamabatani, ndipo za WhatsApp ankati n'zocheza anthu opanda ntchito. Chilichonse chimene chingatumizidwe ku gululo sakanachiona.

Kungojambula chithunzi kukanakwana. Koma mnyamatayo anadziwa kuti Alex anena kuti wajambula khola la eni. Panafunika kanema woonetsa nkhunda zili m'manja mwake. Anaimika foni pamgolo wa oilo, n'kuitsamiritsa pamwala, n'kukoka kamtengo kotsekera kachitseko.

"Aa... aa... ayi..."

Anali mayi Habiba. Anali atakweza dzanja lamanzere, akumenya mbali ya mpando. Pakamwa pawo panali kulimbana ndi mawu amene sankafuna kutuluka.

Macdonald anamva. Tisamuikire kumbuyo kuti mwina sanamve. Anatembenuka, maso awo anakumana, ndipo anayang'ananso kufoni. Anadziuza kuti nkhundazo zingouluka pang'ono n'kubwerera ku mpunga wawo. Koma pansi pa ganizo limenelo panali lina loipa kuposa pamenepo: mayiwa sanganene.

Anagwira nkhunda zonse ziwiri, n'kumwetulira ngati wojambulitsa paukwati.

"Akuluakulu a Giya, izi ndi nkhunda zanga. Ndimaweta ndekha. Taonani masokosi! Ndikaziimbira likhweru zimabwera paphewa."

Anatambasula manja. Nkhundazo zinakupiza mapiko, phaphapha, n'kukwera. Zinazungulira pamwamba pa shedi kamodzi, kachiwiri. Macdonald anaimba likhweru. Anamwaza mpunga. Anaimbanso likhweru mpaka milomo kuuma. Tinthu tiwiri toyera tija tinalunjika kumtunda, tinachepa, tinachepa, kenaka kumwamba kunangotsala mtambo.

3. Kuwomba m'manja

Munthu wanzeru akanafufuta kanemayo. Macdonald anangodula mbali ya kumapeto, ija ya likhweru losayankhidwa, n'kutumiza. Anaganiza kuti popeza nkhunda zapita kale, bola apindulepo ulemu.

Ulemu anaupezadi. Jamila anatumiza mitima. Pitala anati akufuna ana a nkhundazo zikaswa.

"Ndagonja, Mac, ndiwe dolo!" analemba Alex. "Nanga kambuzi kakulira kumbuyoko nakonso n'kako?"

Gulu lonse linafa ndi phwete. Macdonald sanaseke. Ankadziwa bwino lomwe kuti kumbuyoko kunalibe mbuzi.

A Abbas pobwera kumzikiti anapeza kachitseko kali pululu, akazi awo misozi ili chuchuchu.

"Subhanallah! Chachitika n'chiyani pano?"

"Sindikudziwa, bambo," anatero Macdonald, maso ali pa sipanala imene ankaipukuta kachitatu. "Ine ndinali m'shedi. Mwina mphaka wa kwa aneba wakankha kamtengo."

A Abbas anagwada pafupi ndi mpando. "Habiba, waona chiyani?"

Mayiwo anayesa. Milomo inanjenjemera, khosi linatupa mitsempha, koma panangotuluka phokoso. Potsiriza anasiya. Anangoyang'ana Macdonald, osaphethira. Kuyang'ana kumeneko kunamupweteka kuposa chikwapu.

A Abbas anamukhulupirira mnyamatayo. Madzulo ake anapita kukadandaula kwa aneba za mphaka wawo, ndipo anthu amene anakhala bwino zaka zambiri anayankhana mokweza mawu.

Masiku otsatira mayi Habiba anakana phala. Ankawatulutsa pakhonde m'mawa, iwo n'kumangoyang'ana khola lopanda kanthu, misere ya mpunga ali nayo m'dzanja. Macdonald anayamba kuzungulira njira ina polowa m'shedi kuti asadutse pakhonde. Kiyi uja m'khosi anayamba kumulemera.

M'gulu muja, Giya Wamkulu, amene sankalankhula kawirikawiri, analemba mawu ochepa.

"Nkhunda zokongola, mnyamata. Kodi zinabwerako?"

Apa panali pobwerera. Macdonald anayang'ana funsolo nthawi yaitali, chala chili m'mwamba.

"Zonse zili m'khola, bwana," anayankha.

Akuluakulu amati bodza lilibe mwendo. La Macdonald linalibedi mwendo, koma linali ndi mapiko.

4. Mlendo wa katoni

Lachiwiri m'mawa, Macdonald ndi a Abbas akumanga lamba wa injini, pakhomo panaima njinga yamoto ya kabaza. Panatsika bambo wachikulire, wamfupi, wa imvi, atavala jekete lakale la madalaivala. M'khwapa anali ndi katoni yoboolaboola.

"Odi kuno, Che Abbas!"

"Ee, a Yesaya! Mwayenda bwanji kuchokera ku Chitala m'mawa muno? Karima, mpando!"

A Abbas anatembenukira kwa Macdonald. "Awa ndi a Yesaya, mnzanga wakalekale. Tinayendetsa limodzi mathirakitala iwe usanabadwe. Ndi amene anatipatsa nkhunda zija." Kenaka nkhope yawo inagwa. "Achimwene, ndinkasowa poyambira kukuuzani. Mphatso yanu mphaka anatilanda."

"Mphaka?" anatero a Yesaya. Anayamba kaye apita pakhonde, navula chipewa, kupereka moni kwa mayi Habiba. Atatero anakhala pansi n'kutsegula katoni ija.

Munali nkhunda imodzi yoyera, ya masokosi. Pamsana pake nthenga zinali zitazuka, pali chilonda chouma. Mayi Habiba anatulutsa mawu amene Macdonald anali asanawamvepo, n'kutambasula dzanja.

"Yaimunayi inatera pakhola langa Lachisanu masana," anatero a Yesaya. "Yaikazi sinafike. Ndadikira, sinafike. Chilondachi n'cha zala za kabawi, ndiye za inayo musafunse."

Anapisa m'jekete n'kutulutsa foni yaikulu. Anayang'ana Macdonald kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe ndiwe Mac eti? Sitinaonanepo. Kugulu kuja amanditcha Giya Wamkulu."

Macdonald anafuna pansi patang'ambika.

A Yesaya anapereka foni kwa a Abbas n'kukweza mawu mpaka pamapeto. Pakhomo ponse panamveka mawu onyada: "Izi ndi nkhunda zanga. Ndimaweta ndekha." Koma a Abbas sankamvera amenewo. Anapendeketsa mutu monga ankachitira pofufuza chogogoda mu injini. Kumbuyo kwa mawu a mnyamatayo kunkamveka kugogoda kwa dzanja pampando, ndi mawu ena ofooka: "Aa... ayi... ayi..."

"Bwezani," anatero a Abbas.

A Yesaya anabweza, kenaka anawawerengera zimene anthu a m'gulu analemba pansi pa kanemayo. Karima anagwira pakamwa. Mawu amene anthu anawaseka kuti ndi kambuzi anali a mayi ake.

5. Mawu a akulu

Palibe anakuwa. Macdonald akanakonda akanamukuwira, ngakhale kumuwomba khofi. A Yesaya anangoloza pansi, ndipo mnyamatayo anakhala padothi.

"Mnyamata, ine ndinazizindikira nkhundazi nditangoona kanema. Ndinaziswetsa ndekha, ndinazilera ndekha. Ndikanatha kukuvula pagulu pomwepo, koma ndinati mwana salangidwa pamsika. Ndinakufunsa funso lija kuti ndikutsegulire khomo lotulukira. Iwe unalitseka wekha.

"Lachisanu lopanda girizi sindinaliyambitse kuti tizipikisana ayi. Munthu wa makina amakhala tsiku lonse ndi chitsulo, mapeto ake amaiwala kucheza ndi anthu. Ndinati tsiku limodzi tizionana mmene tilili. Alex amaimba ngati chule wa m'sikimu, koma gitala ija ndi yake, n'chifukwa chake timaikonda. Pitala njuchi zimamuluma sabata ndi sabata, koma ndi njuchi zake. Ukanatiuza kuti ulibe chilichonse, tikanaseka pang'ono n'kukuphunzitsa bawo. Kodi pakhomo panu palibe kanthu kamene manja akowa amapanga?"

"Kalipo," ananong'ona Macdonald. "Timathirakitala ta waya."

"Ta waya! Anthu openga ndi mathirakitala ngati ife ukanatisangalatsa mwezi wathunthu. Koma unachita manyazi ndi chako, n'kukanyadira cha mwini. Taona tsopano manyazi enieni mmene amakhalira."

Macdonald anawerama mpaka chibwano kugunda kiyi wa pachifuwa. Misozi inadontha padothi.

A Abbas anali ataika dzanja paphewa la akazi awo. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Zoti nkhunda zauluka, ndikanakwiya tsiku limodzi n'kuiwala. Mbalame ndi mbalame. Zoti unandinamiza mpaka ndinakayambana ndi aneba chifukwa cha mphaka wosalakwa, nazonso ndikanapita kukapepesa, zikanatha. Koma iwe unayang'ana mayi awa, amene ankakupakulira mpunga pakhomo pano ali bwino, unaona kuti pakamwa pawo pamangika, ndiye unati pakhomo palibe munthu. Anakuletsa ndi dzanja limodzi limene Mulungu anawasiyira. Iwe unawajambula mawu n'kukawapereka kwa anthu kuti aseke. Astaghfirullah!"

Analoza thirakitala.

"Makina awa ali ndi mipeni pansi. M'sikimu mumakhala ana, mumakhala amayi owokera mpunga. Wowagwira amakhala yekha, ine kulibe. Munthu amene amasunga lamulo pokhapokha pali womunenera, ndingamutumize bwanji kumeneko?"

"Pepani, bambo."

"Pepani wakoyo wasochera. Mwini wake ndi uyo."

Macdonald anakwawa ndi maondo mpaka pakhonde. Sanathe kukweza maso. Anangoona dzanja lamanzere la mayi Habiba likusisita mutu wa nkhunda ija.

"Mayi, ndinakumvani. Ndinakumvani bwinobwino, koma ndinatsegulabe. Ndikhululukireni."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanagwedeze mutu kuvomera, sanaupukusenso kukana. Anabweza maso pa nkhunda yawo.

6. Kiyi

"Kwatsala gulu," anatero a Yesaya. "Bodza unalinena pagulu ndi mawu ako. Sindikukakamiza. Ukakana, ine ndingofufuta kanema uja, anthu adzaiwala. Koma amene anaseka aja ayenera kudziwa chimene ankaseka."

Macdonald anatulutsa foni yake. Munali uthenga watsopano wa Pitala, wofunsa tsiku limene angabwere kudzaona nkhunda. Anadina pojambulira mawu.

"Akuluakulu, ndine Mac. Nkhunda zija sizanga. Ndi za mayi Habiba, akazi a abwana anga, amene akudwala. Ndinazitsegulira atandiletsa, ndipo imodzi yafa. Mawu amene munamva kumbuyo aja si mbuzi. Anali mayiwo akundiletsa."

Anatumiza. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Patapita nthawi, Alex yekha ndiye analemba: "Ambuye. Ndine ndinanena za mbuzi. Mundipepesere kwa mayiwo."

Karima anatenga nkhunda ija n'kuibwezera m'khola, n'kumanga kachitseko ndi waya. Itangolowa inayamba kuzungulira, ikulira kukuu, kukuu, kuitana inzake.

A Abbas anatambasula dzanja. Macdonald anavula chingwe m'khosi. Chinakola pakhutu, ngati nachonso sichikufuna, koma anachikoka n'kuika kiyi m'dzanja lakuda ndi girizi lija.

"Mawa m'mawa ubwere ndi mayi ako," anatero a Abbas. "Za thirakitala tikambirana iwo ali pompano. Ndipo uwauze wekha chifukwa chake, asadzamvere kwa ine."

Njira yochokera kwa a Abbas kupita kwawo inali yaifupi, koma tsikulo Macdonald anaitalikitsa. Anadutsa m'mphepete mwa ngalande za sikimu, kumene alimi anali atayamba kale kutsegulira madzi m'minda kukonzekera kulima. Wina anamukuwira, "Dalaiva watsopano! Munda wanga ukhale woyamba!" Iye anangokweza dzanja osatembenuka. Dzanja linalo linkapitabe pachifuwa, kufufuza kiyi amene panalibe.

Asanafike pakhomo anamva makina osokera akulira. Mayi ake tsikulo sanapite kumsika. Atamuona anaimitsa phazi, anadula ulusi ndi mano, n'kunyamula ovolosi yabuluu m'mwamba, nkhope ili mwee. Pathumba la pachifuwa anali atapetapo ndi ulusi wofiira: DALAIVA MAC.

"Wafika nthawi yabwino, mwanawe," anatero a Molly. "Yatha! Tabwera uyese, ndione ngati miyendo yakoyo yakwana."